A Fletcher ndi Kaputeni Wawo

Kwathu kuno mukapeza munthu amene sadziwa Basi ya Kumwamba, ameneyo ndi mlendo kapena anabadwa dzulodzuloli. Musavutike kufufuza dzinali pa foni, simulipeza. Azungu amene anakonza filimuyo anali ndi dzina lawo lalitali limene panalibe wolisamala. Dzina la Basi ya Kumwamba anapereka ndi a Fletcher, eni ake a vidiyo shoo imene inali kuseri kwa chigayo pa msika wathu, pamsewu wochokera ku boma la Mchinji kupita kuboda.

Ine ndine Molly, ndimagulitsa zitenje zokaoda ku Chipata. M'vidiyomo ndinayamba kulowa ndili kamtsikana ka sukulu ya pulayimale, amayi akandituma kuchigayo. Ufa unkafika mochedwa kunyumba, ndodo ndinkailandira ndithu, koma sabata yotsatira mukanandipezanso pabenchi yomweyo, dengu lili pamiyendo.

Nyumba yake inali ya zidina, mawindo otsekedwa ndi masaka, mkati fungo la thukuta ndi utsi wa jenereta. Kutsogolo kunali TV yaing'ono ndi deki yodya makaseti ikakwiya. Pambali pake pankakhala a Fletcher, bambo wamfupi wa mutu waukulu, maiki ali m'manja. Sukulu analekezera ku pulayimale ya pa Guilleme, ndipo Chingerezi chawo chinali chongokwanira kufunsira njira. Koma bamboyu ankawerenga nkhope. Mzungu asanatseke pakamwa, iwo anali atamaliza kale kunena m'Chichewa zimene zili mumtima mwake. Mawu a nkhalamba, a mwana, a mkazi, ngakhale a chitsulo cholankhula, onse ankatuluka pakhosi limodzi lomwelo. Panja anapachika sipika pamtengo wa mango, ndiye ngakhale ogulitsa tomato ankatsatira nkhani osalowa.

Mafilimu a karate ndi a nkhondo ankaonetsa, inde, koma imene inatigwira tonse ndi ya Basi. Inali ya magawo atatu, ndipo makaseti ake anabwera ndi madalaivala a mathiraki ochokera ku Lusaka. Nkhani yake inali yakuti dziko lauma, mvula yakanika, anthu akwera chombo chachikulu kukasaka dziko lina kuseri kwa nyenyezi. A Fletcher anati chombo chodzadza anthu, ana ndi katundu chotere ndi basi, palibenso dzina lina. M'njira munali tizilombo tachitsulo toboola makoma a chombocho, ndipo iwo anatitcha Anankafumbwe. Mlimi aliyense wa ku Kapondo anamvetsa pomwepo kukula kwa vutolo, chifukwa amadziwa zimene nankafumbwe amachita m'nkhokwe.

Woyendetsa basiyo anali mkazi wa tsitsi lalifupi, wosasekaseka, amene akalankhula amuna onse ankathamanga. Poyamba a Fletcher ankangomutchula kuti Kaputeni.

Pakhomo pa vidiyopo pankakhala mtsikana wa ku Mlonyeni wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Esitele. Nayenso sankasekaseka. Mnyamata akamulankhula zopusa ankangomuyang'ana kamodzi, mnyamatayo n'kuyamba kufunsa mtengo wa zitumbuwa mwaulemu. A Fletcher, ndi pakamwa pawo ponse paja, akafika pa beseni la Esitele ankasanduka osalankhula. Ankagula chitumbuwa, kuthokoza, n'kubwerera m'kati.

Tsiku lina masana, Kaputeni atangotulukira pa TV, tinamva a Fletcher akuti, "Amene mukumuonayu ndi Kaputeni Esitele. Akakuyang'ana, umaiwala zimene unabwerera."

Sipika ya pamango inafikitsa mawuwo msika wonse. Tinaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Kenaka saka la pakhomo linatseguka, Esitele analowa beseni lili pamutu, n'kuima kumbuyo. Anayang'ana mkazi wa pa TV uja kwa kanthawi ndithu.

"Ameneyo ndiye ine?" anafunsa. "Bwanji osapesa tsitsi?"

Anatuluka. Koma mawa lake anakhala pafupi ndi chitseko kuposa kale, ndipo anthu atakolola chaka chotsatira tinakadya ukwati wawo.

Apa ndi pamene pali nkhani. Kwathu mwamuna wolongosoka satchula mkazi wake dzina lake la ubwana. Ukwati utangochitika, Esitele anakhala a Nankhoma, ndipo mwana atabadwa anakhala amake Tiyanjane. A Fletcher anali munthu wosunga mwambo kwambiri. Pazaka zonse zimene ndinawadziwa, kunyumba, kutchalitchi kapena pamsika, sindinawamvepo akuitana mkazi wawo kuti Esitele. Koma akangogwira maiki, eee, dzinalo linkamveka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndani akanawadzudzula? Iwo ankatchula Kaputeni.

M'filimumo munali makanika wina wadazi amene ankangoyenda pambuyo pa Kaputeni atanyamula sipanala. Zimene ankanena m'Chingerezi sindikuzidziwa, mwina zinali za mawaya. Koma pakamwa pa a Fletcher, makanikayo ankati, "Esitele, iwe ukapanda kudya, inenso njala ndilibe." Tsiku lina ankati, "Esitele, dzulo ndinalakwa, usandiyang'ane choncho." Tonse tinkadziwa kuti kunyumba kwa a Fletcher kunali kamkangano dzulo lake. Ndiye kuchokera pakhomo mumamva mawu a Nankhoma: "Masulirani filimu inu, anthu akudikira!" Koma tikatuluka tinkawapeza akumwetulira okha, akukonza zitumbuwa zimene zinali zokonzeka kale.

Ndisaname, ife akazi tinkachita nsanje. Amuna athu ngakhale kunena kuti ndiwo zakoma ankaona ngati ntchito yolemetsa. Uyu ankafunsira mkazi wake tsiku ndi tsiku msika wonse ukumva, ndipo palibe mkulu amene akanati waphwanya mwambo.

A Nankhoma anamwalira asanaone ngakhale imvi imodzi pamutu pawo. Anadwala nthawi yochepa, m'nyengo ya dzinja, Tiyanjane ali ku sekondale. Anthu amakonda kunena kuti mavidiyo shoo anaphedwa ndi mafoni, ndipo kwa ena n'zoona. Koma ya a Fletcher inatsekedwa mafoni oonetsa kanema asanafike kuno. Maliro atatha anatsitsa sipika pamango, anaika makaseti m'katoni, basi. Wowafunsa ankamuyankha kuti, "Mawu anatha." Anayamba kulima mtedza ndi kukonza mawailesi pakhonde pawo. Akafuna kunena za mkazi wawo ankati malemu, kapena amake mwanayu. Dzina lija linalowa m'katoni limodzi ndi makaseti.

Zaka zinapita, ife amene tinkathawa kuchigayo tinayamba kutchedwa agogo. Ndiye chaka chathachi Levi, dalaivala wa thiraki amene anakulira pabenchi yomweyo ndi ine, anaimitsa galimoto yake pamsika n'kutsika akuthamanga ngati wagunda munthu.

"Asisi, Basi yabweranso!" anatero akundipatsa foni. "Apanga gawo lachinayi. Ku Lusaka anthu akungokamba zomwezo manje."

Kanali kachidutswa kakafupi kotsatsira filimu. Nyimbo inali yomwe ija, ndipo nditangoimva tsitsi linandiyimirira. Munali moto, nyenyezi, anyamata ndi atsikana osawadziwa akuthamanga. Kaputeni sanaonekemo.

Sabata imeneyo pamsika panalibe nkhani ya mtengo wa feteleza. Amene anatsogolera okayika anali a Jonasi, telala wathu, munthu amene mpaka lero akhoza kukuuzani magawo atatu onse osadumpha, mapini ali pakamwa.

"Azunguwa nzeru zawathera," ankatero akupalasa makina. "Chinthu chinatha bwinobwino, anthu anafika kudziko latsopano, tinaomba m'manja. Akuchifukuliranji? Aika tiana tosamba bwino, ndipo Kaputeni amupha koyambirira kuti tianato tipeze malo. Mudzandiuza."

Levi anamva zina. Anati masiku ano amatha kutenga nkhope ya munthu n'kuikonza pa kompyuta kuti aoneke ngati mtsikana, ndiye mwina Kaputeni abwera monga analili kale. A Jonasi anati zimenezo ndiye zoipa kuposa kumupha, chifukwa n'chimodzimodzi kuvalitsa chidole zovala za malemu. Ena ankati aikapo mkazi wina n'kumupatsa dzina lomwelo. Ine ndinali m'gulu la oyembekezera zabwino, ndipo ndinakangana ndi a Jonasi mpaka ndinatenga chitenje changa chimene ankandisokera chisanathe. Ndinakachibwezanso mawa lake, poti telala wina wodziwa kuno kulibe.

Pa chinthu chimodzi chokha tinagwirizana. Filimuyi sitikanaionera pa foni aliyense payekha, komanso sitinkafuna yomasuliridwa ndi anyamata a m'tauni amene amangokuwa manambala awo a foni pakati pa nkhani. Basi ya Kumwamba yopanda a Fletcher si Basi.

Levi atabwera nayo filimu yonse pa fulashi, tinapita atatu, ine, Leviyo ndi a Jonasi, kukawaona a Fletcher. Tinawapeza pakhonde akuswa mtedza, Tiyanjane akuwathandiza. Iye tsopano ndi mayi wa ana ake, amakhala pafupi ndi bambo akewo. A Fletcher anatilandira bwino, anatimvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka ntchito.

"Ayi," anatero. "Pezani wina."

"Madala, wina wake uti?" anafunsa Levi. "Anthu akubwera kuchokera ku Kapondo chifukwa cha inu."

"Pakhosi panachita dzimbiri."

"Dzimbiri limachoka, akulu," anatero a Jonasi. "Ine filimuyi sindikuikhulupirira ngakhale pang'ono, koma ngati n'kuipa, iipe inu mukulankhula."

A Fletcher anaseka pang'ono akuyang'ana makoko a mtedza. Atalankhulanso, mawu anali otsika.

"Inu mukudandaula kuti filimu ikoma kapena ayi. Ine funso langa ndi lina. Mayi uja akatulukira, ndimutchula ndani? Ndikati Kaputeni basi, nonse mudziwa kuti ndathawa. Ndikatchula dzina lija, pakhomo palibe wondiyankha. Nanga akamupha monga akunenera a Jonasiwa? Ndiike maliro kawiri, maiki ali m'manja?"

Ine manyazi anandigwira. Sabata yonse ndinkalimbana ndi a Jonasi za nkhope ndi makompyuta, osaganiza n'komwe zimene tikupempha bamboyu. Ndinayamba kumanga bwino chitenje changa kuti tizipita. Apo ndi pamene Tiyanjane analankhula, maso ali m'lichero.

"Ababa, ine dzina la amayi ndinkalimvera pa sipika ija ndikuchokera kusukulu. Ndikalimva ndinkadziwa kuti kunyumba kuli bwino. Chichokereni amayi, palibe amene amalitchula. Nthawi zina ndimalinena ndekha kumunda kuti ndisaiwale kamvekedwe kake."

A Fletcher anatola mtedza umodzi, kuuswa, n'kuuyang'ana ngati sanaonepo mtedza.

"Loweruka masana," anatero. "Koma sindiionera ndekha poyamba monga ndinkachitira kale. Ndikaionera ndekha sindibwera. Ndidzaione limodzi nanu, ndipo pasapezeke munthu wondiuza zimene zili m'katimo."

Mukudziwa mmene ife tilili ndi nkhani, sitisunga. Koma sabata imeneyo msika wonse unadziletsa. A Jonasi analanda fulashi ija kwa Levi n'kuisokerera m'kathumba ka nsalu, mbali zonse zinayi, kuti wina asagwe m'mayesero. Achinyamata amene anali ataionera kale pa mafoni awo tinawachenjeza kuti wotsegula pakamwa asadzagulenso kanthu pamsika pano. Mwana wanga yemwe anayesa kundiuza kuti, "Amayi, komatu Kaputeni uja," ndipo sanamalize, ndinamuthamangitsa ndi chipande.

Nyumba ya vidiyo ija inagwa kalekale, ndiye tinapempha shedi yosungiramo soya imene inali yopanda kanthu nyengo imeneyo. Levi anabwereka pulojekita, ine ndinapereka nsalu yoyera ya pabedi, m'mawindo tinatsekamo masaka monga kale. Anthu anabwera pa njinga ndi pa kabaza, ambiri a imvi, ena atagwira zidzukulu zimene zinkadabwa kuti agogo akuthamangira chiyani. A Fletcher anafika atavala jekete la kutchalitchi. Anakhala pambali pa nsalu, n'kugogoda maiki ndi chala.

Poyamba zinavuta. Filimu zamasiku ano zimathamanga, anthu amalankhula mopikisana, ndipo a Fletcher ankatsalira m'mbuyo. Mawu ankatuluka okhakhala. Kumbuyo achinyamata anayamba kunong'onezana. Kenaka panatulukira kamnyamata kena kodzimva, kovala jekete lonyezimira, ndipo a Fletcher anati, "Uyu ndi Maliko. Kwawo munda anagulitsa kuti agule jeketeli." Shedi yonse inaphulika. Kuyambira pamenepo pakhosi panatseguka. Mawu a chitsulo anabwerera, a nkhalamba anabwerera, ndipo Anankafumbwe atatulukira, anthu akuluakulu a mipingo yawo anakuwa ngati ana.

A Jonasi anakhala pafupi nane manja atapinda. "Anankafumbwe awa ndi onenepa kwambiri," anang'ung'udza. "Akale aja anali oopsa chifukwa sunkawaona bwino." Koma Maliko atatsala pang'ono kugwidwa, amene anaimirira n'kukuwa kuti "Thawa, chitsiru iwe!" anali a Jonasi omwewo.

Filimu inafika pakati, inapitirira, Kaputeni osaoneka. Ndinayang'ana a Fletcher ndipo ndinaona mapewa awo atatsika, akulankhula momasuka ngati munthu amene wauzidwa kuti mlandu wake wathetsedwa. Ine ndinakhumudwa, komanso ndinawasangalalira. Ndinati mwina n'bwino choncho.

Kuti gawo lachinayili ndi labwino kapena ayi, Levi ndi a Jonasi akukanganabe mpaka lero, ndipo ine ndinasiya kulowererapo. Zimene ndimakumbukira ndi izi.

Ana aja, atathawa Anankafumbwe, anatera pa dziko lina la mapiri. Kumeneko anapeza Basi yakale ija itagona chammbali, yadzimbiri, udzu utamera m'mawindo. Pafupi pake panali kamunda, ndipo m'kamundamo munthu atawerama akupalira. Maliko anamuitana. Munthuyo anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, n'kutembenuka.

Anali yemwe uja. Sanamukonze pa kompyuta, sanaikepo wina. Tsitsi linali lalifupi lomwe lija koma loyera mbuu, nkhope yamakwinya, khosi lofota. Maso okha ndiwo sanasinthe. Anamuyang'ana Maliko kamodzi, ndipo Maliko anachotsa manja m'thumba.

Mayiyo anayamba kulankhula Chingerezi chake, ana aja akuyankha, koma ku sipika sikunatuluke mawu. Tinkangomva kupuma kwa a Fletcher. Anali ataimirira, maiki ali pakamwa, akuyang'ana nsalu ija chapafupi kwambiri moti kuwala kunkawagwera pankhope. Levi anatambasula dzanja kuti aimitse filimu, koma Tiyanjane anamugwira mkono.

Ine ndinali nditakonzekera kuona Kaputeni akufa, kapena ali mtsikana. Sindinaganizepo kuti tidzamuona atakalamba. A Nankhoma tinawaika tsitsi lili bii, ndipo mwamuna wawo anakalamba yekha osadziwa kuti mnzakeyo akanaoneka bwanji. Tsopano anali patsogolo pawo, khasu lili m'manja, msinkhu wofanana ndi wawo.

Misozi inali ikutsika m'masaya mwa a Fletcher, ndipo sanaipukute. Atalankhula, sanali mawu a makanika wadazi kapena a munthu wina aliyense wa m'filimu. Anali mawu awo enieni, amene amagulira sopo pagolosale.

"Esitele," anatero. Kenaka anabwerezanso mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Esitele. Kani imvi zikanakukhala chonchi? Wakalamba bwino, mkazi wanga."